Mum'tembenuze Mlesi

Mawu otsiriza a ababa anali onena za ine, ndipo sanali abwino. Sindinawamve ndi makutu anga. Anamva ndi amayi ndi azakhali, mlongo wawo wa ababa, amene anali pambali pa bedi kuchipatala kuja. Ine ndinali panja pakhonde ndikuonerera mbalame ziwiri zikulimbirana nyenyeswa, chifukwa fungo la m'wodimo linkandizunguza mutu. Pobwerera ndinapeza atawaphimba kale.

Azakhali sanadikire ngakhale kuti misozi iume.

"Wamva zimene wanena bambo wako? Pakamwa patapindika chonchija, lilime likukana, koma anayesetsa mpaka mawu atatuluka. Akuti, 'Mlesi sali bwino. Ndam'lakwitsa ndine. Mum'tembenuze.' Kawiri konse. Afunse amakowa ngati ndikunama."

Amayi anangoyang'ana pansi. Azakhali sankanama.

Mlesi ndine. Dzina langa lenileni limapezeka pa mapepala a kusukulu basi. Linalo anandipatsa ndi ababa ndili kamwana, chifukwa akandituma sipanala ndinkabwera ndi duwa, kapena osabwera n'komwe, mpaka kundipeza nditakhala pa tayala ndikuyang'ana mitambo. Ankalitchula akuseka. "Mlesi wanga, tabwera udzaone." Sindinkadziwa kuti pansi pa kusekako panali madandaulo.

Komanso chowadandaulitsa chinalipo. Mayeso ndinali nditangomaliza, zotsatira zisanatuluke, ndipo masiku anga onse ankathera ku laibulale. Kumeneko kunali mnyamata wosanja mabuku, wa zala zazitali, amene ankandibisira mabuku achikondi kuseri kwa madikishonale. Tsiku limene ababa anagwa, anandipempha m'mawa kuti ndiwagwirire tochi, ati maso akuchita nkhungu. Ndinati ndikubwera pompano. Ndinabwera dzuwa litapendeka, ambulansi itapita kalekale.

Patatha mwezi azakhali anapereka chigamulo. Loweruka adzabwera kudzanditenga, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndikakhale pa makina osokera m'shopu mwawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, wopanda foni, wopanda buku.

"Malemu anatisiyira ntchito," anatero. "Anati tim'tembenuze, ndiye tim'tembenuza, afune asafune."

Amayi sanatsutse. Ungatsutse bwanji mawu a munthu amene sungam'funsenso?

Kuseri kwa nyumba yathu kuli shedi ya malata kumene ababa ankagwirira ntchito atasiya galaja yaikulu. M'menemo munali galimoto yawo, yaing'ono, yobiriwira koma yofwifwa ndi dzuwa, ya masilinda atatu. Anakhala miyezi iwiri akukonza injini yake, ataiphwasula yonse n'kuyala zitsulo pa manyuzipepala. Tsiku lomwe anaimaliza ndi lomwe anagwa. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe ndi amene anawapeza ali chigonere pambali pa tayala lakutsogolo, injini ikulira, galimoto yonse ikunjenjemera.

Maliro atatha, amuna awo a azakhali anayesa kuiliza. Sipanathe mphindi. Galasi loonera kumbuyo linkangoti njenjenje osaonetsa kanthu, kachitseko ka bokosi la kutsogolo kanatseguka kokha, masipanala awiri amene ababa anasiya pamwamba pa galimoto anayenda okha mpaka kugwera pansi. Bambo aja anatuluka thukuta lili kamukamu, n'kuponya kiyi pa benchi ngati yatentha. Pofika madzulo msewu wonse unali utadziwa kuti mwini wake sanatulukemo. Ababa anakonza magalimoto zaka makumi atatu, ndipo palibe imodzi inachoka m'manja mwawo ikunjenjemera. Ndiye anthu akanaganiza chiyani? Ana anasiya kudutsa kuseriko. Amayi ankayanika zovala kutsogolo.

Lachinayi m'mawa, amayi atapita kumsika, ndinalongedza chikwama changa, kenako ndinachikhutula, kenako ndinalongedzanso. Mtima unali m'mwamba. Ndinkafuna munthu woti ndikangane naye, ndipo munthuyo anali mmodzi yekha. Ndinapita kushedi.

Mkati munali monga anasiyira. Ovolosi yawo inali pa msomali, mawondo ake akadali opindika. Kapu yawo inali pawindo, tiyi ataumira pansi. Fungo la oyilo ndi sopo wawo wochapira m'manja linandilandira pakhomo, moti ndinatsala pang'ono kupereka moni. Ndinatenga kiyi, kulowa m'galimoto, n'kupotoza. Batire inali yofooka. Injini inabuula kawiri, katatu, kenako inadzuka.

Sikunali kunjenjemera wamba kwa galimoto yakale. Mpando unkandigwedeza mozungulira, uku, kutsogolo, uko, kumbuyo, ngati munthu wandigwira mapewa onse awiri. Ndi mmene ababa ankandidzutsira ndikagonereza. Thupi lonse linachita tsemwe, koma sindinazimitse. Ndinagwira chiwongolero ndi manja awiri.

"Ababa," ndinatero, mano akugundana. "Bwanji osandiuza muli moyo? Munkaseka bwanji ngati zinkakupwetekani? Ndiyankheni!"

"Zimitsa! Iwe, zimitsa! Mlesi ameneyo!"

Mtima unaima. Ndinazimitsa, n'kutseka maso, kudikira. Kenako ndinamva ndodo ikugogoda pa simenti ndi kupuma kwa wefuwefu, ndipo mizimu sichita wefuwefu. Anali a Makutu, mnzawo wa ababa amene anagwira nawo ntchito zaka zambiri kugalaja yaikulu, msana usanawakhazike pansi. Anawatcha choncho chifukwa matenda a injini ankawadziwa ndi khutu, komanso, kunena zoona, makutuwo Mulungu sanawamane. M'manja anali ndi sipanala yaitali imene anabwereka kwa ababa chaka chatha.

Manyazi a mantha aja anasanduka mkwiyo.

"Ndamva, ankolo. Dziko lonse likudziwa kuti ndine mlesi. Palibe chifukwa chokuwira kuchokera pageti."

Anandiyang'ana ngati ndayankhula chilankhulo china.

"Ndani akunena za iwe? Ukuganiza kuti chilichonse padziko ndi iwe? Ndikunena mlesi wa m'katimu." Anagogoda boneti ndi ndodo. "Ndamumva ndili pa mphambano. Ukanapitiriza, bwenzi wathyola zitsulo zogwira injini."

"Mlesi wa m'kati muti?"

A Makutu anapumira m'mwamba. Anakankha njerwa ndi phazi, n'kuikapo thabwa pakati pake, kenako anandiuza kuti ndibweretse zitini zitatu za oyilo. Anazindandalika pa thabwapo, china pakati, ziwiri kumapeto.

"Awa ndi mapistoni ako. Amakwera, amatsika, kambirimbiri pa mphindi imodzi, ndipo chitsulo chikamathamanga choncho chimakoka nyumba yake yomwe. Injini ya asanu ndi mmodzi pa mzere ndi banja lomvana. Aliyense ali ndi mnzake: woyamba akakwera, wotsiriza akwera naye, ndiye palibe mbali yolemera. Ina ija yogona chafufumimba, mapistoni ake ali ngati anthu awiri okankhana chitseko ndi mphamvu zofanana, wina mkati wina kunja. Thukuta mbwee, chitseko osasuntha. Koma atatuwa, kapena asanu, alibe anzawo. Wapakatiyu alibe mlandu. Taona akumapetowa." Anadina mbali imodzi ya thabwa, ina n'kukwera, zitini n'kupendekeka. "Uyu ali m'mwamba, uyo sanafike. Injini imangovomera mutu, ee, ee, ee, ngati mkamwini wamantha."

"Ndiye anapangiranji ya atatu?"

"Ndi yaing'ono, simwa mafuta ambiri. Ndipo bambo wako ankakonda zosakwanira, ati zokwanira zilibe nkhani. Tsono mvera. Opanga anaika m'katimu ndodo yachitsulo yokhala ndi zolemera ziwiri, china uku, china uko, zoyang'ana kosiyana. Siwotcha mafuta. Sikoka galimoto. Imangozungulira chobwerera, liwiro limodzi ndi kirankishafiti, chitsulo chachikulu chimene mapistoni amazunguza, ndiye injini ikafuna kuvomera mutu, iyo imakana. Kuvomera ndi kukana zikakumana, pamakhala bata. M'mabuku ili ndi dzina lake lalitali. Bambo wako ankati mlesi. Ati amadya nawo, ntchito sagwira, koma tam'chotsa uone."

Ndinkamva injini ikuthetheka pozizira.

"Akakhala molakwika amatani?" ndinafunsa.

"Akalowa atatembenuka theka, m'malo mokana amavomera nawo. Chimene amayenera kuchotsa amachiwonjezera. Ndi zimene ndamva ine."

Ndinawauza. Mawu aja pakhomo pathu tinkawabisa ngati matenda ochititsa manyazi, ndipo kunja kwa banja palibe ankawadziwa. Ndinawatchula onse, mmene azakhali anawatchulira. A Makutu anavula chipewa. Anakhala pa tayala pang'onopang'ono, mapewa akugwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira mpaka atapukuta m'maso ndi chipewacho. Zinali zonse ziwiri.

"Mphwanga iwe," anatero, akuyang'ana ovolosi ija. "Mpaka pakhomo pa imfa uli pa ntchito." Kenako anatembenukira kwa ine. "Ndiye inuyo munatani?"

"Azakhali akubwera Loweruka kudzanditembenuza."

"Ha! Ndi sipanala ya nambala chani?"

Ine sindinaseke. Ndinali nditatsegula kale boneti. "Titsegule, ankolo. Pompano."

"Dekha, mwanawe. Poyamba, yatentha. Chachiwiri, chokokera gudumu la lamba chili kwathu. Chachitatu, ndimvetse bwino: sindikulonjeza kanthu. Khutu limanama nthawi zina. Mwina ndi mphira zokhalira injini zatha. Tikatsegula n'kupeza mlesi ali pamalo pake, ndiye kuti bambo wako ankanena za mlesi winayo, ndipo ine sindidzakunamiza kuti ukondwe. Ukufunabe?"

Apo ndinaima. Mwezi wonse ndinali ndi chilonda, koma tsopano anandipatsa kachiyembekezo, ndipo kachiyembekezo kamaluma kuposa chilonda. Ndinati ndikufuna. Anati mawa m'mawa. Tsiku limenelo linatalika ngati chaka. Mnyamata wa ku laibulale ananditumizira uthenga wa mizere isanu ndi umodzi yonena za maso anga, ndipo ndinauwerenga ngati ndikuwerenga chikwangwani cha pamsewu.

Lachisanu a Makutu anafika ndi thumba la zida, n'kupeza amayi ataima pakhomo la shedi, manja m'chiuno.

"Alamu, musandiputire zinthu. Galimoto imeneyi isiyeni."

"Mlamu, ndikungofuna kuona ntchito ya mnzanga. Akakhala m'katimo, ndim'patsa moni. Tinazolowerana."

"Mumaseka ndi zilizonse inu."

"Nanga ndilire ndi zilizonse?"

Amayi anasuntha, koma sanachoke. Anakhala pa mpando panja penipeni pa khomo, akusenda nyemba m'mbale, phazi osaponda mkati.

Popeza msana wa a Makutu sulola kuwerama nthawi yaitali, manja anali anga, iwo pakamwa. Tinakhetsa oyilo m'beseni. Anali woyera ngati uchi, woti sanayendepo ulendo. Tinamasula malamba, n'kukoka gudumu lakutsogolo. Mabawuti a chivundikiro cha magiya anali khumi ndi anayi, ndipo ankolo ankafuna kuti ndiwamasule mosinthanasinthana, lililonse n'kuliika pa katoni pamalo pake. Lachisanu ndi chiwiri linakana. Ndinalikoka ndi mkwiyo, sipanala n'kuterereka, zala n'kukamenya chitsulo.

"Eya, limenye, linakutukwana," anatero a Makutu. "Walidya mutu tsopano. Bawuti ndi ngati nkhalamba, umalipempha."

Bawuti limenelo linatidyera ola lathunthu. Ndinkayamwa chala chotuluka magazi ndikuyang'ana dzuwa likusuntha pa zibowo za malata. Ankolo anayamba kundiuza za maso a nkhono, ine n'kuwauza kuti nkhonoyo sinalongedzeredwe chikwama.

Chivundikiro chitachoka, chinthu choyamba kuona sichinali giya. M'mphepete mwake, mu guluu wotuwa womatira, munali chidindo cha chala chachikulu cha ababa, mizere yonse ikuoneka, ndi kamzere kowongoka ka chipsera chimene anadzicheka ndili sitandade 4. Ndinaikapo chala changa. Chinalowa chonse n'kutsala malo. Ndinacheuka, chifukwa ndinamva ngati wina waima kumbuyo kwanga akudikira kuti ndisunthe aone. Kunali ovolosi basi.

"Zungulitsa pang'onopang'ono," anatero a Makutu, "mpaka pistoni yoyamba ifike pamwamba. Pa giya ya kirankishafiti pali kadontho, pa giya ya mlesi palinso kadontho. Timadonthoti tikakumana mano ndi mano, ndiye kuti ali bwino."

Ababa anali atapaka penti yachikasu pa zizindikiro zonse ziwiri kuti zioneke. Ndinazungulitsa. Chikasu cha kumanzere chinabwera, chikasu cha kumanja chinabwera, pang'ono, pang'ono. Ndinkapemphera kuti ziphonyane. Zinakumana ndendende, ngati milomo.

Panja nyemba zinasiya kugwera m'mbale.

"Hmm," anatero a Makutu. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso. "Hmm."

"Ali bwino eti?" ndinatero.

"Zizindikiro zakumana."

"Ndiye ndi ine."

Sanandinamize, monga analonjeza. Anayamba kugwiragwira mphira zokhalira injini, akung'ung'udza, koma ndinaona kuti nazonso ndi zatsopano. Ine ndinangokhala pansi pa simenti, nkhope pafupi ndi magiya aja. Sindinkafufuza kanthu. Ndinkangoyang'ana mmene ndimayang'anira mitambo, maso ali apa mutu uli kwina. Ndinkaganiza za makina osokera, za basi, za mmene ndidzakhalire mayi wachikulire wosayankhula amene ana adzamuopa. Maso ankangoyenda pa mano a giya, limodzi, limodzi. Penti ya pa giya ya kirankishafiti inali kadontho kaukhondo. Ya pa giya ya mlesi inali ndi mchira, ngati burashi inatsetsereka, ndipo ababa sankatsetsereka. Pansi pa pentiyo chizindikirocho sichinali chozungulira. Chinali chong'ambika, ngati pamene panamenya tchizulo. Maso anapitirira mpaka tsidya lina la giya, ndipo kumeneko, pansi pa girizi wakale, panali kena kake kakang'ono ngati njere ya therere.

"Ankolo, ichi n'chiyani?"

"Chiti? Bweretsa tochi."

Tochi inali pa benchi pomwe ababa anaisiya. Ndinaunika. A Makutu anapala girizi ndi chikhadabo. Kadontho kozungulira bwinobwino, kakufakitale, kanali moyang'anizana ndi penti ija, theka lathunthu la giya.

"Ameneyu ndiye mwini wake!" anakuwa. "Chinachi ndi chipsera chabe, mmisiri wina wosaleredwa anamenyapo kalekale pochotsa giyayi. Mnzanga anapaka penti pa chipsera. Anatseka, analiza, inam'gwedeza, ndipo anadziwa pomwepo. Munthu uja sakanalephera kudziwa. Kungoti nthawi yotsegulanso sanapatsidwe." Anakweza mawu. "Mlamu! Tabwerani mudzaone mwana wanu wolowerera!"

Amayi analowa. Kanali koyamba chichitikire maliro. Anawerama, n'kuyang'ana kadontho kaja nthawi yaitali, a Makutu akufotokoza ndi manja, thabwa ndi zitini. Sindikudziwa ngati anamva za mapistoni. Anangogwira penti ya mchira ija ndi nsonga ya chala.

Ine ndinali ndikuyang'ana tochi m'manja mwanga. Ankolo anaona.

"Usayambe zimenezo. Tochi sikanaletsa mtsempha kuphulika."

"Koma kadontho akanakaona."

"Akanakaona," anavomera. "Gwira apa, timasule."

Kutembenuza mlesi sikunatenge ngakhale mphindi zisanu. Kumasula giya, kuzungulitsa ndodo ija theka, kulumanitsa kadontho ndi kadontho. Ndinkamva zolemera zake zikugudubuka m'kati mwa injini, mwaulesi ndithu. Mwezi wathunthu wa misozi, mphindi zisanu. Chovuta chinali kupala guluu wakale kuti timate watsopano. Nditafika pa chala cha ababa ndinaima.

"Ndipale ine?" anafunsa a Makutu.

Ndinapala ndekha. Titamanga zonse ndinathamangira kiyi, koma ankolo anali atayiika kale m'thumba mwawo. Ati guluu aume kaye mpaka mawa, ndipo amandidziwa.

Loweruka azakhali anafika m'mawa pa basi ya usiku, ali ndi ambulera ndi matikiti awiri. Anapeza chikwama changa chili pakhonde, ife tonse tili kushedi. Anaima patali.

"Mukutani kumeneko? Basi sidikira munthu."

A Makutu anawafotokozera mwaulemu, chipewa chili m'manja. Azakhali anamvetsera milomo itatsekedwa ngati kachikwama ka ndalama.

"Ndiye mukundiuza kuti mchimwene wanga, akuona imfa ndi maso, ankaganiza za chitsulo?"

"Mayi, munakula naye. Mukundifunsa ine?"

Azakhali anagogoda ambulera pansi n'kuyang'ana kumsewu.

Ankolo anandipatsa kiyi. Ndinalowa, amayi n'kuzungulira kukalowa mbali inayo osauzidwa ndi munthu. Ndinapotoza. Injini inabuula kamodzi n'kudzuka, ndipo ndinakunga mapewa kudikira manja ondigwedeza aja.

Sanabwere. Injini inkalira ndi kamawu kake ka masilinda atatu, ngati munthu wotsimphina pang'ono koma woyenda mosadandaula. Chiwongolero chinali phee. M'galasi loonera kumbuyo ndinaona azakhali bwinobwino, mpaka ulusi wosomphoka pa kolala yawo. A Makutu anaika nsonga ya sikuludiraiva pa injini, chigwiriro pa khutu, n'kutsinzina ngati akumva nyimbo.

"Basi," anatero. "Wagona."

"Zitsulo ndi zitsulo," anatero azakhali, atayandikira pawindo. "Koma mwanayu ulesi ali nawo, zimenezo sizikufunika makaniko. Tiye, iwe."

"Mwana sapita, alamu," anatero amayi. Sanakweze mawu, sanacheukenso. "Ulesi wake tiziuona konkuno. Chimene bambo ake anapempha chachitika."

Azakhali anayankhula zambiri, za kulera ndi kulekerera, za tikiti yowonongeka, za tsiku limene tidzawakumbuke. Kenako anapita kukakhala pakhonde kudikira tiyi.

Ndinkayembekezera kuti ndidumpha, ndiimba, ndithamangira ku laibulale tsitsi lili m'mwamba ngati atsikana a m'mabuku. Koma ndinangokhala. M'chifuwa munali pululu, ngati chipinda chimene achotsamo katundu yense. Mwezi wathunthu ndinkalira chifukwa ababa ananditchula. Tsopano ndinazindikira kuti sananditchule n'komwe. Anali ndi mpweya wokwana mawu asanu ndi limodzi, ndipo onse anawapatsa ndodo yachitsulo.

"Ankolo," ndinaitana pawindo. "Anayamba kutchedwa Mlesi ndani, ine kapena iyo?"

A Makutu anakanda khutu, n'kuganiza moona mtima.

"Sindikukumbuka, mwanawe. Ndikanakonda ndikanakumbuka."

Amayi anali ataika chikhatho pa bolodi lakutsogolo. Anachisuntha n'kuika pa chitseko, kenako pa mpando pakati pathu, kenako pa ndodo ya giya, ngati munthu wofufuza malungo pa thupi la mwana. Paliponse panali bata.

"Alamu," anatero chapansipansi, "simungaibwezere mmene inalili? Pang'ono chabe."

A Makutu anatseka boneti mosamala ndi manja awiri.

"Mlamu, mwini wake ndi amene anapempha."

Amayi anagwedeza mutu. Dzanja sanalichotse. Tinakhala momwemo awiri, injini ikulira, mpaka utsi unayamba kudzaza shedi, ankolo n'kugogoda pawindo kuti tizimitse tisanatsatire ababa.